Kupanga Chithunzi Chachikulu ndi Tizithunzi ta Ochemerera Timu: Yambani ndi Kuwerenga Anthu

Owerenga wina watifunsa motere: "Ndine mlembi wa komiti ya ochemerera timu yathu ya mpira wamiyendo. Tikukonza chikondwerero chimene tikuyembekeza kuti padzafika anthu pafupifupi 800, ndipo tikufuna kupanga chithunzi chachikulu cha chizindikiro cha timu, kapena cha nkhope ya kaputeni wathu, pogwiritsa ntchito zithunzi za ochemerera eni ake. Ndinayesa pulogalamu ina ya pa foni ndi zithunzi 150. Poyamba chinatuluka chinthu chosadziwika mutu wake, ndipo nditasintha zina chizindikiro chinaoneka bwino koma nkhope za anthu zinazimiririka. Kodi ndalakwitsa pati, nanga ntchitoyi iyenera kuyambira pati?"

Zimene mwaonazo si kulakwitsa kwanu, koma ndi mmene ntchito imeneyi ilili. Chithunzi cha mtundu umenewu, chomwe anthu a ntchitoyi amachitcha mosaic, chimakhala ndi zinthu ziwiri zolimbirana malo amodzi: chithunzi chachikulu chomwe chimaoneka munthu akaima patali, ndi tizithunzi ting'onoting'ono tomwe timaoneka akayandikira. Chilichonse chimene mungachite pofuna kuti chachikulu chioneke bwino chimalanda kanthu kwa tating'ono, ndipo mukati muteteze tating'ono, chachikulu chimayamba kusokonekera. Inu mwayesa mbali zonse ziwiri ndipo mwafika pamapeto pa iliyonse. Maganizo anga ndi akuti pa chochitika cha ochemerera timu, tizithunzi tating'ono ndi tomwe tiyenera kupambana pa mkanganowo, chifukwa munthu amene watumiza chithunzi chake sabwera kudzasirira chizindikiro chimene wakhala akuchiona pa malaya ake zaka zonsezi. Iye amabwera kudzafufuza nkhope yake, kuti akaipeza ailoze ndi chala n'kuitana mnzake. Choncho ntchitoyi imayamba ndi kuwerenga anthu ndi kuyeza khoma, ndipo za pulogalamu zimabwera pambuyo.

Kuti mumvetse chimene chinalepheretsa zithunzi zanu 150, ndi bwino kudziwa kaye mmene diso limachitira ndi chinthu chotere. Mu 1973, Leon Harmon, wofufuza wa ku Bell Labs m'dziko la United States, anafalitsa m'magazini ya Scientific American chithunzi cha Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa dzikolo, chimene anachidula m'timabokosi tochepa, kalikonse kali ndi mtundu umodzi wotuwa, kena kowala, kena kakuda. Munthu akachiyang'ana pafupi amangoona timabokosi, koma akachiika patali, kapena akatsinzina pang'ono, nkhope ya Lincoln imatulukira yokha. Mu 1976 wojambula wa ku Spain, Salvador Dalí, anatenga nzeru yomweyo pojambula mkazi wake Gala ataima pawindo, ndipo dzina la chithunzicho limachita kunena kuti munthu akaima pa mtunda wa mamita 20 aona Lincoln. Cha mu 1995, Robert Silvers, ali wophunzira pa MIT Media Lab, malo ofufuzira a yunivesite ya MIT ku United States, analemba pulogalamu yoika chithunzi chathunthu pamalo pa kabokosi ka mtundu umodzi kaja, ndipo mu 1996 magazini ya Life, pokumbukira zaka 60 chiyambire, inaika pachikuto nkhope ya Marilyn Monroe, katswiri wotchuka wa mafilimu, yopangidwa ndi zikuto zake zakale. Phunziro la mbiri imeneyi ndi lakuti, kwa munthu woima patali, kachithunzi kalikonse ndi kadontho kamodzi chabe ka chithunzi chachikulu. Zithunzi 150 zimapereka mizere 10 ya timadontho 15, ndipo palibe pulogalamu pa dziko lapansi imene ingajambule chizindikiro cha timu chokhala ndi zilembo ndi timadontho tochepa chotero popanda kuchita chinyengo. Pulogalamu yanu inachitadi chinyengocho ulendo wachiwiri uja, pamene inangoyala chizindikiro pamwamba pa nkhope za anthu.

Tsopano tiwerengere anthu anu 800. Ngati aliyense atumiza chithunzi chimodzi ndipo chilichonse chiikidwa kamodzi kokha, mungathe kukhala ndi mizere 23 ya timabokosi 35, zomwe zikupereka malo 805. Kabokosi kalikonse kakakhala masentimita 8 mbali zonse, khoma lanu lidzakhala mamita 2.8 m'litali ndi mamita 1.84 kupita m'mwamba, ndipo nkhope ya pa kachithunzi ka masentimita 8 munthu amaizindikira bwinobwino ataima chapafupi. Mukachepetsa timabokosi kufika masentimita 5 pa khoma la mamita 3 ndi 2, mupeza malo 2,400, chithunzi chachikulu chidzakongola kwambiri, koma mudzafunika zithunzi zitatu kuchokera kwa munthu aliyense, kapena kubwereza chilichonse katatu. Kubwereza si tchimo, malinga mwauza pulogalamu kuti chithunzi chimodzi chisaonekenso pafupi ndi pomwe chili kale, chifukwa nkhope imodzi ikandandalikana kanayi m'mzere umodzi diso limaigwira msanga, ndipo mwini wake amasekedwa. Dziwaninso kuti si onse ofika pamalo amene amatumiza chithunzi. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo sindinaonepo chiwerengero cha zithunzi chikufanana ndi chiwerengero cha mitu ya anthu, choncho ndi nzeru kukonza khoma locheperako kusiyana ndi limene mtima ukufuna.

Muyezenso malo amene anthu adzaimepo. Diso labwino limasiyanitsa kanthu ka milimita imodzi pa mtunda wa mamita pafupifupi atatu ndi theka, ndiye kuti kabokosi ka masentimita 8 sikangazimiririke konse pokhapokha munthu atapita mamita oposa 250. Mwamwayi sizifunika kutero, chifukwa ubongo umayamba kulumikiza timabokosi khoma lonse likangolowa m'maso nthawi imodzi, ndipo ine ndimafuna kuti kutsogolo kwa khoma kukhale bwalo lokwana kuwirikiza katatu kapena kanayi kutalika kwa khomalo. Kuika mosaic m'kanjira kopapatiza n'kutaya ntchito yonse, popeza palibe amene angabwerere m'mbuyo mokwanira. Pali kanthu kena kamene kamakuthandizani kwaulere: munthu akaloza khomalo ndi kamera ya foni, chithunzi chachikulu chimaoneka bwino pa sikirini yaing'onoyo kuposa mmene maso ake akuchionera, ndipo anthu akazindikira zimenezi amayamba okha kujambula ndi kutumizirana.

Pa funso la chizindikiro kapena nkhope ya kaputeni, ambiri amaganiza kuti chizindikiro n'chosavuta, koma nthawi zambiri nkhope ndi imene imapirira timabokosi tochepa. Ubongo wa munthu unazolowera kuzindikira nkhope ngakhale itasokonekera, malinga mithunzi ya m'maso, ya pansi pa mphuno ndi ya pachibwano ili m'malo mwake. Zilembo zilibe mwayi umenewo. Chilembo chimodzi kuti chiwerengeke chimafuna timabokosi 5 m'mimba mwake ndi 7 kupita m'mwamba, kuphatikizapo kabokosi kamodzi kolekanitsa ndi chinzake, kotero kuti pa khoma la timabokosi 35 mungakwanepo zilembo zisanu ndi chimodzi zokha m'mzere umodzi, ndipo sipatsala malo okwanira a mpira, nyenyezi, chaka chimene timu inayamba ndi mawu ake achilimbikitso. Mukasankha chizindikiro, pemphani wojambula achichepetse kuti chitsale ndi maonekedwe ake akuluakulu awiri kapena atatu, ndipo dzina la timu mulisindikize mwa nthawi zonse pamwamba kapena pansi pa khoma. Mukasankha nkhope, idzaze khoma lonse kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, ikhale yojambulidwa kuwala kukuchokera mbali imodzi, ndipo kumbuyo kwake kukhale kopanda zinthu. Pali mayeso osavuta amene ndimachita ndisanalonjeze kanthu kwa aliyense. Ndimatenga chithunzi chachikulucho pa kompyuta, n'kuchichepetsa mpaka chitsale ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi cha pa kompyuta) 35 ndi 23, n'kuchotsa mitundu yonse kuti chikhale chakuda ndi choyera, kenako n'kuonetsa munthu amene sakudziwa nkhaniyo. Akalephera kutchula chimene akuona, ndimasintha chithunzicho, chifukwa mosaic yeniyeni siingapose pamenepo.

Ndati chakuda ndi choyera mwadala. Diso limadalira kwambiri kuwala ndi mdima pozindikira maonekedwe a chinthu, ndipo mtundu umangowonjezera. Mitundu itatu imene sikirini imagwiritsa ntchito siwala mofanana m'maso mwathu: pa njira yakale yowerengera kuwala kwa chithunzi, wobiriwira umatenga magawo pafupifupi 59 pa 100, wofiira 30, ndipo wabuluu 11 okha. Ichi n'chifukwa chake mapulogalamu abwino safananitsa manambala a mitundu itatuyo mwachimbulimbuli, koma amayamba asandutsa mitunduyo kukhala muyezo wotchedwa CIELAB, umene unakhazikitsidwa mu 1976 n'cholinga choti kusiyana kwa manambala kufanane ndi kusiyana kumene diso limaona. Pulogalamu yosavuta imawerengera mtundu umodzi woimira kachithunzi konse n'kukaika pa kabokosi kofanana nawo. Yabwinopo imagawa kachithunzi m'zigawo zing'onozing'ono, mwachitsanzo zitatu m'mbali ndi zitatu m'mwamba, kotero kuti chithunzi chowala kumanzere koma chakuda kumanja chimakaikidwa pamalo pomwe mphepete ya tsaya ikudutsa. Njira yachiwiriyi imapangitsa kuti chithunzi chachikulu chioneke chakuthwa kuposa mmene chiwerengero cha timabokosi chikanalolera.

Apa ndi pomwe pali vuto lalikulu la mosaic ya ochemerera, lomwe Silvers ndi anzake sanali nalo. Iwo ankasankha kuchokera m'nkhokwe ya zithunzi masauzande ambiri, n'kutaya zonse zosagwirizana ndi chithunzi chachikulu. Inu simungataye chithunzi cha munthu chifukwa chakuti mtundu wake sukuthandiza, popeza munamulonjeza kuti adzakhalapo. Ndiye muli ndi zithunzi 805 ndi malo 805, ndipo chilichonse chiyenera kupeza pokhala. Masamu a vuto limeneli anathetsedwa kalekale, ndipo njira yodziwika ndi imene katswiri wa masamu Harold Kuhn anafalitsa mu 1955, yotchedwa Hungarian method, yomwe imagawa zinthu m'malo mwake mwa njira yoti kusagwirizana konse pamodzi kuchepe kwambiri. Koma masamu sangalenge mtundu umene kulibe. Zithunzi zodzijambula nazo pa foni zimafanana kwambiri: khungu, tsitsi, khoma la m'nyumba, kuwala kwapakatikati. Ngati chizindikiro chanu chili ndi theka labuluu ndi theka loyera, zithunzi zoterezi sizingakupatseni ngakhale chimodzi mwa ziwirizo.

Mankhwala oyamba, omwe ndimawakonda kuposa onse, ndi kulamulira zithunzi zisanajambulidwe. Uzani anthu avale mitundu ya timu, ndipo ngati mudzajambula pamalo pomwepo, ikani nsalu zitatu zoimirira kumbuyo kwa ojambulidwa, ina yowala, ina yapakatikati, ina yakuda, n'kumatumiza anthu ku nsalu iliyonse malinga ndi kuchuluka kwa timabokosi ta mtundu umenewo. Ngati magawo 40 pa 100 a chithunzi chachikulu ndi akuda, ndiye kuti anthu 4 mwa 10 alionse aime pa nsalu yakuda. Nsaluyo ndi imene imanyamula ntchito ya chithunzi chachikulu, ndipo nkhope imatsala yosakhudzidwa.

Mankhwala achiwiri ndi kusintha mtundu wa tizithunzi pa kompyuta, ndipo apa pali njira ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kukankhira kachithunzi konse ku mtundu umene kabokosi kake kakufuna, konse mofanana, ngati kuti mwakayang'anira pa galasi la mtundu. Yachiwiri ndi kuyala chithunzi chachikulu pamwamba pa zonse ngati nsalu yoonekera mkati. Yachiwiriyi imaoneka yokongola patali, koma mizere ya chizindikiro imadutsa pa mphuno ndi pamaso pa anthu, ndipo aliyense woyandikira amaona kuti tizithunzi tangokhala mphasa yoyalapo chinthu china. Ine ndimagwiritsa ntchito yoyamba, ndipo ndimayesetsa kuti isapitirire magawo 25 kapena 30 pa 100. Ikafika theka, anthu amayamba kudutsa nkhope zawo osazizindikira. Chenjeraninso ndi mmene kusinthaku kumakhudzira anthu a khungu losiyanasiyana. Mtundu wakuda ukathiridwa pa nkhope ya munthu wakhungu lakuda, maso ndi milomo zimamira mumdima, pomwe mtundu wowala ukathiridwa pa munthu wakhungu loyera, nkhope imasuluka n'kutsala tsitsi lokha. Sindikizani timabokosi 20 toyesera, kuchokera kumalo akuda kwambiri ndi owala kwambiri a chithunzicho, muone pa pepala lenileni musanapitirire. Pepala silimawala ngati sikirini, ndipo mitundu ina, makamaka buluu wowala ndi wobiriwira wowala, imafooka ikasindikizidwa. Zikakanika zonse, sandutsani tizithunzi tonse kukhala ta mitundu iwiri ya timu, wakuda ndi wowala. Njira imeneyi imathetsa vuto la mitundu kotheratu, ndipo khoma limaoneka ngati linachita kukonzedwa choncho.

Kenako musankhe nthawi imene khomalo lidzapangidwe. Njira yodalirika kwambiri ndi kusonkhanitsa zithunzi milungu ingapo tsiku lisanafike, kupanga mosaic modekha, n'kuisindikiza pa nsalu kapena pa bolodi imodzi, kenako n'kuivundukula pa chikondwererocho. Pa khoma loonedwa chapafupi, mapikiselo 150 pa inchi iliyonse (masentimita 2.54) amakwana, zomwe zikutanthauza kuti kachithunzi ka masentimita 8 kamafuna mapikiselo pafupifupi 470 mbali iliyonse, ndipo foni iliyonse ya masiku ano imapereka oposa pamenepo. Khoma lonse lidzakhala mapikiselo pafupifupi 16,500 ndi 10,900, fayilo yopitirira theka la gigabaiti isanapanikizidwe, choncho mapulogalamu a pa foni sangaikwanitse ndipo mufunika kompyuta. Pulogalamu monga AndreaMosaic imagwira ntchitoyi bwino, ndipo imakulolani kulamula kuti chithunzi chilichonse chigwiritsidwe ntchito, kuti chibwerezedwe kangati, ndiponso kuti mtundu usinthidwe motani.

Njira yachiwiri, yomwe anthu amasangalala nayo kwambiri koma ndi yoopsa kwa okonza, ndi kumanga khomalo chochitika chili mkati. Bolodi imakhala ndi timabokosi topanda kanthu tolembedwa manambala, munthu amajambulidwa kapena kutumiza chithunzi, makina amachisindikiza pa kapepala komata kali ndi nambala ya malo ake, ndipo iye mwini amakamata. Kumata ndi dzanja lake kumapangitsa munthu kumva kuti khomalo ndi lake, ndipo chidwi chimakula pamene chithunzi chachikulu chikutulukira pang'onopang'ono. Komabe pali zinthu ziwiri zoti muzivomereze. Choyamba, popeza zithunzi zimabwera chimodzichimodzi, pulogalamu siingadikire kuti ione zonse, ndiye oyamba amatenga malo owayenera ndipo omaliza amalandira zotsala, zomwe zimakakamiza kusintha mtundu mwamphamvu. Chachiwiri ndi nthawi. Ngati munthu mmodzi amatenga masekondi 20 kuti alandire kapepala, apeze nambala n'kumata, malo 805 adzatenga maola anayi ndi theka pa mzere umodzi. Ndi malo atatu osindikizira ntchitoyo imatsika kufika ola limodzi ndi theka, koma nthawi yopuma pakati pa masewero ndi mphindi 15 zokha, choncho khomalo liyambe anthu akamalowa, osati mpira utayamba. Timabokosi ta pamwamba, tomwe ana ndi anthu aafupi sangafikire, muikepo munthu wanu wamtali woti azimata.

Njira yachitatu ndi sikirini yaikulu. Kumbukirani kuti sikirini ya mapikiselo 1,920 ndi 1,080 ikagawidwa m'mizere 23, kachithunzi kalikonse kamatsala ndi mapikiselo osakwana 50, omwe sakwanira kuzindikira munthu. Chifukwa chake chithunzi chatsopano chiyenera kuoneka chachikulu kwa masekondi angapo chisanachepe n'kupita pamalo pake. Masekondi amenewo ndi amene ochemerera amakuwira.

Pa kasonkhanitsidwe ka zithunzi, njira imene sinandikhumudwitsepo kwambiri ndi tsamba lanulanu la pa intaneti lomwe anthu amalifikira pojambula QR code, kachizindikiro ka timabokosi komwe foni imawerenga n'kutsegula tsambalo. Kale okonza zochitika ankangouza anthu kuti aike zithunzi pa Instagram kapena Twitter ndi hashtag, pulogalamu n'kumazitola, koma Instagram inachepetsa kwambiri mwayi umenewu kuyambira mu 2018, ndipo Twitter, yomwe tsopano ndi X, inayamba kulipiritsa mu 2023. Komanso zithunzi za anthu amene anatseka masamba awo sizioneka, ndipo eni ake amadabwa kuti bwanji sali pakhoma. WhatsApp ndi yosavuta kwa aliyense, ndipo ngakhale imapanikiza zithunzi, zimakwanirabe pa kabokosi ka masentimita 8. Vuto lake ndi lakuti wina ayenera kukhala pansi n'kumazikopera chimodzichimodzi. Njira iliyonse imene mungasankhe, uzani anthu momveka kuti mukufuna nkhope imodzi kapena ziwiri, zojambulidwa pafupi, chifukwa gulu la anthu 12 likapanikizidwa m'kabokosi kamodzi palibe amene amaoneka. Mafoni amajambula zithunzi zazitali kapena zazikulu m'mbali, pomwe timabokosi tanu n'tofanana mbali zonse, ndiye lolani mwini chithunzi adule yekha pa foni yake asanatumize, apo ayi mudzapeza anthu odulidwa zipumi. Tsiku lina ndinayang'anira khoma pa holo ina imene netiweki inali bwino m'mawa poyesa, koma anthu atadzaza, mafoni onse akulimbirana nsanja imodzi, palibe chithunzi chimene chinkadutsa. Tinapulumuka chifukwa tinali ndi makamera awiri olumikizidwa ndi waya ku kompyuta, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindivomera ntchito yotere popanda njira yosadalira intaneti.

Chithunzi chilichonse chidutse m'maso mwa munthu chisanafike pakhoma. Pa nkhani ya mpira, otsatira timu ina sadzalephera kutumiza chizindikiro chawo kapena mawu achipongwe, ndipo wina adzatumiza chithunzi cha mnzake ali m'tulo kuti amuseke. Pa sikirini cholakwika mungachichotse, koma pa nsalu yosindikizidwa chimakhala mpaka kalekale.

Za chilolezo musazione ngati mwambo chabe. Pa tsamba lotumizira lembani m'mawu ochepa kuti chithunzicho chidzaikidwa pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ngati chidzagwiritsidwa ntchito pa malonda kapena pa zinthu zogulitsa, ndiponso kuti munthu angachichotsetse bwanji. Zithunzi za ana zibwere kudzera mwa makolo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. M'mayiko a European Union, mwachitsanzo, lamulo la GDPR lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018 limatenga chithunzi chozindikirika cha munthu ngati uthenga wokhudza iye mwini, umene suyenera kusungidwa kapena kugwiritsidwa ntchito popanda chifukwa chovomerezeka. Fufuzani lamulo la kwanu. Mafayilo a zithunzi za pa foni amathanso kubisa mkati mwake malo enieni amene chithunzicho chinajambulidwa, omwe nthawi zambiri amakhala kunyumba kwa munthuyo, choncho uthenga umenewu, wotchedwa EXIF, muufufute musanaike kanthu poyera. Ndipo popeza ndinu komiti ya ochemerera, osati timu yeniyeniyo, pemphani chilolezo cholembedwa chogwiritsa ntchito chizindikiro. Mukasankha nkhope ya kaputeni mufunika kuvomereza kwa iye mwini komanso kwa amene anajambula chithunzicho, popeza umwini wa chithunzi nthawi zambiri umakhala wa wojambula kapena wa amene anamulemba ntchito.

Chimene okonza ambiri amaiwala, pomwe ndi phata la zonse, ndi kuthandiza munthu kupeza chithunzi chake. Kufufuza nkhope imodzi pakati pa 805 popanda chokutsogolera kumatopetsa, ndipo gulu limaunjikana pakhoma n'kutchinga oonera patali. Lembani zilembo m'mphepete mwa mizere ndi manambala pamwamba pa timabokosi, ndipo aliyense alandire uthenga wonena kuti ali pa mzere wakuti, kabokosi kakuti. Ikaninso mosaic yomweyo pa intaneti mwa njira yoti munthu athe kuikulitsa mpaka afike pa nkhope yake. Chida chaulere chotchedwa OpenSeadragon chimachita zimenezi podula chithunzi chachikulu m'tizidutswa, n'kumatumiza ku foni tokhato timene munthu akuyang'ana. Bungwe la NASA, loona za kafukufuku wa m'mlengalenga ku United States, linachita zofanana pa tsiku lokumbukira dziko lapansi, pa 22 April 2014, pamene linapempha anthu kuti adzijambule kulikonse komwe ali, kenako linapanga chithunzi cha dziko lapansi ndi zithunzi 36,422, chokhala ndi mapikiselo 3.2 biliyoni, chomwe aliyense ankatha kuchikulitsa pa intaneti. Kwa inu, tsamba loterolo ndi limene lidzafikitse khomalo kwa ochemerera amene ali kutali, ndipo ngati mungawalole kutumiza zithunzi tsiku lisanafike, iwo ndi amene adzadzaze malo a anthu obwera koma osajambulitsa.

Konzekeraninso za timabokosi totsala, chifukwa chizindikiro chodzaza theka chimaoneka ngati chochitika chinalephera ngakhale anthu anasangalala. Ngati mukumanga khoma pa tsiku lomwelo, sindikizani pa bolodi chithunzi chachikulucho mofooka, kuti malo opanda kanthu asaoneke ngati mabowo, ndipo uzani pulogalamu iyambe kudzaza pakati ndi malo ofunika monga maso, m'mphepete mubwere pomaliza. Sungani pambali zithunzi 200 kapena 300 zosindikiziratu za osewera akale, za zikho, za masewero osaiwalika ndi za ogwira ntchito pabwalo, zonse zokhala ndi chilolezo, kuti zilowe m'malo otsala pamene kwatsala mphindi 30 kuti muvundukule. Ochemerera sadandaula kupeza nkhope yawo ili pafupi ndi ya goloboyi amene ankamuimbira nyimbo ali ana. Koma kabokosi komaliza musakadzaze mwakachetechete. Sankhani kamodzi ka pakati, mukasiye kopanda kanthu mpaka anthu onse atasonkhana, ndipo kaputeni, kapena wochemerera wamkulu kuposa onse amene afika, akamate yekha pamaso pa gulu.